Galimoto ya Mayi Nangozo Itakanira ku Tete

Ntchito yanga ndi ya mawaya a magalimoto, ndipo kashedi kanga kali pa Mwanza malire, kuseri kwa malo amene mathiraki amaima podikira mapepala. Maulendo sindiwakonda. Munthu wa mawaya amangokhala pamalo pake, magalimoto odwala amabwera okha, ena mochita kukankhidwa. Koma chaka chimene mafuta ankasowa chija, nyengo ya manachesi, ndinapezeka ndikulongedza zida m'chikwama kupita ku Tete, ndipo amene anandidzutsa pampando anali mlongo wanga Esinati.

Anafika m'mawa ndisanatsegule n'komwe. Moni sanapereke. Anangoti, "Achimwene, tamverani izi," n'kudina foni yake.

Anali mawu ojambulidwa, a mayi wina wolankhula mopsa mtima. Ankati dalaivala amene anamutuma kukatenga galimoto yake ku Tete wachotsa chipangizo cha mabuleki, wagulitsa, n'kuikamo chakufa, choncho aliyense asamale naye. Dzina analitchula kawiri, ngati kuti koyamba sitinamve: a Zuze a pamalire. Mawuwo anali atatumizidwa m'gulu la pafoni la madalaivala ndi maajenti onse okonza mapepala a magalimoto.

A Zuzewo ndi alamu anga, amuna ake a Esinati yemweyo. Anabwera kuno ali mnyamata pothawa nkhondo ya kwawo ku Mozambique, ndipo nkhondo itatha anzawo akubwerera, iwo anatsala chifukwa maso anali atagwera kale pa mlongo wanga. Ntchito yawo ndi yotenga magalimoto a anthu ochokera kunja n'kukawasiya pakhomo pa eni ake. Ntchito imeneyi ilibe kalata. Munthu amakupatsa makiyi a galimoto imene iye mwini sanaikwerepo chifukwa cha dzina lako basi. Zikangomveka kuti umakolola zitsulo panjira, palibenso amene angakuitane, ndipo palibe kokadandaula.

Mwini galimotoyo anali Mayi Nangozo a ku Thambani, amene amagula manachesi kwa alimi n'kukagulitsa ku Blantyre. Atatopa ndi kuwoletsa zipatso pamzere wa mafuta, anaitanitsa kavani kogwira kale ntchito koyendera magetsi okhaokha, poti pachigayo pawo pali masola ambiri. Kavaniko kanachoka ku Beira pamsana pa thiraki yopita ku Zambia, n'kutsitsidwa pa Tete. Apo ndi pamene alamu anakalandirira.

Nditawaimbira foni anayankha ndi mawu a munthu amene sanagone. "Alamu, galimoto yayatsa nyali zonse padashibodi, yofiira, yachikasu, ngati Khirisimasi. Buleki yalimba ngati mwala. Makaniko wa kuno wauza mwiniwake kuti zinthu izi sizifa zokha, wina wagwirapo. Ine sindinabe kanthu, alamu. Bwerani."

Ndinavomera, koma mantha ndinali nawo. Magalimoto ophatikiza mafuta ndi batire ndawakonza ambiri. Yamagetsi yokhayokha ndinali nditangoiona pafoni.

Pa ofesi za pamalire sindinachedwe, poti osindikiza mapasipoti ambiri ndinawakonzerapo magalimoto. Osintha ndalama anandizungulira ngati sandidziwa, mpaka ndinasankha mmodzi amene ndimapemphera naye. Kuchoka apo njinga yamoto inandiwolotsa kukafika pa Zobuwe, mbali ya Mozambique, dzuwa lisanakwere, ndipo ndinadzitama mumtima kuti nkhomaliro ndikadyera ku Tete.

Kudzitamako kunathera pa siteji. Minibasi, imene kumeneko amati chapa, inkaoneka yodzadza, ndipo kondakitala analumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha, amene ndi ine. Nditangolipira n'kukhala pansi, anthu anayi anatsika mmodzimmodzi, wina ngati akukagula nthochi, wina ngati akukataya madzi, osabweranso. Anali anzake a kondakitala oikidwa kuti akope ife opusa. Tinakhala pamenepo maola atatu. Ndinadya mbatata yootcha, kenako chimanga chootcha, kenako ndinayamba kuwerenga mathiraki odutsa.

Pambali panga panakhala mayi wina wathupi ndithu, wopita kukaona mpongozi wake amene anali atangochira kuchipatala. Ananyamula beseni, mtolo wa matewera ndi nkhunda ziwiri m'katoni yobowola. Anandifunsa zimene zinali m'chikwama changa, ine n'kuti zovala. Ndinanama dala. Munthu wa mawaya akadziwika paulendo amakonzetsedwa mafoni, matochi ndi mawailesi a galimoto yonse, malipiro ake n'kukhala "Mulungu akudalitseni." Tsoka lake, mita yanga yoyezera magetsi ndinali nditaiwala kuzimitsa, ndipo mayiwo akangotsamira chikwamacho timawaya take tinkagundana, mita n'kulira kuti tswii! Anthu onse ankafufuza mafoni awo. Kachitatu mayiwo anandiyang'ana m'mbali nati, "Bambo, zovala zanuzo zikuitana."

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Pa Musakama, pamphambano ya njira ya ku Angonia, minibasi inaima kutsitsa matumba a kachewere, ndipo pofuna kunyamukanso inangoti kete, basi. Amuna tinatsika kukankha, kupita uku, kubwerera uku, osaliza. Ndinapirira kwa kanthawi ndithu ndikukankha nawo ngati sindidziwa kanthu, koma nditakumbukira mawu a alamu ndinatsegula chikwama. Waya wa pabatire unali utakhwefuka, mutu wake utayera ndi dzimbiri. Ndinapala, n'kumanga, galimoto n'kulira. Mayi wa nkhunda uja anawomba m'manja nauza anthu onse kuti iye anadziwa kale. Dalaivala anandikweza kutsogolo, ndipo pofika pa Kapirizanje ndinali nditapatsidwa kale mafoni awiri oti ndione.

Kuchoka pamenepo msewu umangotsika, ndipo kutentha kumakwera. Mapiri a kwathu anatsala kumbuyo, kunayamba malambe ndi matumba a makala m'mbali mwa msewu. Pa Mowatize fumbi la malasha linatilowa mpaka m'mano. Ndinatsika pa Matundo, tsidya lino la mlatho wa Zambezi, malaya atamatirira kumsana.

Alamu ndinawapeza pagalaja ya makaniko wina dzina lake a Domingo, atakhala pa tayala pansi pa mtengo. Malaya awo anali ositidwa monga mwa nthawi zonse, koma ndevu zinali zitatuluka ndipo masaya atalowa. Mwa chilamu chathu ndinayamba ndi chipongwe. Ndinati, "Kodi mkazi tinakupatsani ulere, tsopano mwayamba kugulitsa mabuleki a anthu?" Masiku onse akanandibwezera kawiri. Tsiku limenelo anangoyang'ana pansi, ndipo ndinachita manyazi ndi pakamwa panga.

A Domingo anali munthu wansangala, wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi, alamu n'kumanditanthauzira pamene ndasochera. Nzeru yawo inali yachidule. Anati timate tepi yakuda pamwamba pa nyali zoyakazo, galimoto iyende pang'onopang'ono, pamtsetse tizithandizira ndi buleki ya pamanja, ikafike kwa mwiniwake, zotsalazo akaone yekha. Alamu anali atakana nzeru imeneyi kwa masiku awiri. Anati, "Mayi amene uja azikatsika mapiri a ku Thambani ndi manachesi odzadza. Ndikamupatse bokosi la maliro ine?"

Kavaniko kanali koyera mbee, kokongola ndithu. Nditatsegula boneti ndinaima kaye manja ali kumbuyo. Injini munalibe, munali mabokosi achitsulo, malo opanda kanthu, ndi mawaya akuluakulu a mtundu wa lalanje. Amenewo ndi amene amanyamula moto wa batire lalikulu, ndipo sagwiridwa mwachibwana. Ndinawauza anzangawo kuti aliyense asunge zala zake. Mwayi wake, za mabuleki zimayendera kabatire kakang'ono kofanana ndi ka galimoto ina iliyonse, ndipo kumeneko ndi kwathu.

Ndinayamba ndi zapafupi, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kabatire kakang'ono kakafooka, galimoto zamakonozi zimabwebweta matenda amene zilibe, koma aka kanali ndi mphamvu. Mafuta a mabuleki anali odzadza, osadontha paliponse. Kenako ndinalumikiza kakompyuta kanga kowerengera matenda pansi pa chiwongolero, ndipo kananena chinthu chimodzi chokha: uthenga wochokera ku sensa ya mphamvu ya mabuleki sukumveka.

Sensayo ndi kachipangizo kochepa ngati chala chachikulu. Ukaponda buleki, iko kamamva mmene mafuta apanikizikira n'kuuza kompyuta ya galimoto. Kompyutayo ndi imene imagawa ntchito, ina kupatsa mota kuti igwire galimoto uku ikubwezera moto m'batire, ina kupatsa mabuleki a kumatayala. Sensa ikayamba kunena zosamveka, kompyuta imasiya kuikhulupirira, imayatsa nyali zochenjeza, n'kukusiyira mwendo wako wokha. Kachipangizoka kali ndi mawaya atatu. Wina umabweretsa moto wa mavolti asanu, wina umabweza, wachitatu ndiye wonyamula uthenga. Popanda woponda, wauthengawo umayenera kuonetsa theka la volti, ndipo umakwera munthu akamaponda.

Ndinalowetsa singano kumbuyo kwa pulagi n'kuyeza. Moto unalipo, wobweza unali bwino. Koma wauthenga unkaonetsa mavolti pafupifupi atatu, n'kumakwera n'kumatsika wokha, pampando popanda munthu. A Domingo anasuzumira nati mwina muli mzimu wa mwiniwake wakale ukuponda buleki.

Ndisanazule pulagiyo ndinayang'ana mabawuti ogwira chipangizo chonse cha mabuleki. Aliyense anali ndi kadontho ka penti ya kufakitale kodutsa pamutu mpaka pachitsulo, ndipo palibe ndi kamodzi komwe kanali katasweka. Sipanala inali isanafikepo. Ndinajambula ndi foni, ndipo mtima wanga unakhala pansi, chifukwa kunena zoona, m'minibasi muja ndinali nditadzifunsa kangapo ngati alamu anga ndimawadziwadi.

Nditazula pulagi ndinapeza m'kati muli chinyezi, timapini titachita ndere zobiriwira, ndi zoyerayera zouma m'mphepete. Kamphira kotseka madzi kanali katasuntha, kusonyeza kuti mawayawo anakokedwa ndi chinthu cholemera. Ndinanyambita zoyerazo. Unali mchere. Madzi amchere ndi amene ankadumphitsa moto kuchoka pa waya wa mavolti asanu kupita pa wauthenga. A Domingo anawomba m'manja nati basi, ndi mchere wa panyanja, galimotoyi yakhala m'sitima milungu yambiri. Ndikanavomera, koma panali ntchentche. M'boneti monse munali moyera, mopukutidwa bwino, koma ntchentche zinkangounjikana pakona imodzi yomweyo. Nditapisa dzanja pansi pa mtolo wa mawaya ndinatulutsa kachidutswa ka mphira ya chubu, ndipo pa chala panga panamatirira mamba a nsomba.

Ndinapempha a Domingo kuti akandipezere sipiriti ndi mswachi wakale. Atangopotoloka ndinaika chalacho pamaso pa alamu.

Anakanda pamutu nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndi pende, alamu. Za mu Zambezi, zazikulu bwino, zinayi. Mukudziwa mlongo wanu amazikonda."

Ndinkadziwa. Madalaivala onse a njira imeneyi akagula nsomba amazimangirira pagalasi la m'mbali kapena kutsogolo kwa galimoto kuti mphepo iziziwomba, fungo lisalowe m'kati. Alamu achita zimenezi ulendo uliwonse kuyambira pamene anakwatira, ngakhale kuti maajenti amaletsa kunyamula kanthu kalikonse m'galimoto ya kasitomala. Koma kavani aka kanali kachilendo, aliyense ankakajambula, ndipo anaopa kuti chithunzi chifika kwa mwiniwake nsomba zikulendewera. Atatsegula boneti anaona malo ambiri, opanda injini yotentha, nati apa ndiye pabwino. Anazithira mchere wambiri, kuziika m'jumbo, n'kuzimangirira ndi mphira pamtolo wa mawaya. Kenako magetsi anazima m'dera lonselo, galimoto inachedwa kudzadza ndi tsiku lathunthu, ndipo nsombazo zinakhala zikukha madzi amchere pa dzuwa la ku Tete.

Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipe bwanji? Nsomba zoterozo ndadya nawo zaka zonsezi, mutu n'kumapatsidwa ine monga mwini mbumba. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinangoseka mpaka misozi, ndipo iwo anaseka pang'ono, koyamba chifikire ine.

Atatha kuseka anandigwira dzanja. "Mukawauze mayi aja kuti ndi madzi a panyanja. A Domingo anena kale. Wakuba ndisakhale, koma ndikakhalanso wonyamula katundu m'galimoto ya eni, ndi chimodzimodzi, ntchito yatha."

Ndinawauza kuti ine ndikanena zimene ndaona, zoti palibe chabedwa ndiponso kuti m'pulagi munalowa madzi amchere. Nsomba sindikazitchula, komanso nyanja sindikainamizira. Akakafunsa kumene mcherewo unachokera, pakamwa poyankha padzakhala pa alamuwo. Sanakondwe nazo, ndipo madzulo onsewo anandiyankha mawu amodziamodzi.

Kukonza kwake sikunavute. Ndinachotsa waya wa kabatire kakang'ono, n'kudikira kaye kuti moto wotsalira uthe. Pulagi ndinaitsuka ndi sipiriti ndi mswachi, n'kuiyanika padzuwa, limene kumeneko limaumitsa chinthu usanatembenuke. Kapini kamodzi kanali katadyeka kwambiri, choncho tinakadula kena pa galimoto yakufa ya kuseri kwa galaja, ndinakawotcherera bwinobwino n'kuvekapo kachubu kotseka. Kamphira ndinakabwezera m'malo mwake ndi girizi pang'ono. Nditalumikiza zonse, mita inaonetsa theka la volti n'kukhala phee. Ndinauza alamu kuti aponde pang'onopang'ono, nambala n'kumakwera mwaulemu, asiye, n'kutsika. Sensa yeniyeniyo inali yamoyo. Ndinafufuta matenda pa kakompyuta, n'kuiphunzitsanso galimoto pamene buleki imayambira popanda phazi. Titayatsa, nyali zonse zinawala kamodzi n'kuzima. A Domingo anandigwira chanza ndi manja awiri, nandifunsa ngati mitayo ndingaigulitse.

Galimoto yamagetsi siithamangitsidwa. Pa soketi wamba imamwa moto ngati mwana wodwala akumwa phala, ndipo inadzadza mawa lake dzuwa litakwera kale. Tinadikira tikumwa tiyi ndi mikate ya kumeneko, ija yolimba kunja yofewa m'kati, imene ndimaisirira mpaka lero.

Ulendo wobwerera unandikoma kuposa mmene ndinkayembekezera. Galimotoyo inkayenda mwakachetechete moti tinkamva matayala okha ndi mphepo. Dzanja la alamu linkangopita lokha kukafuna giya imene kulibe. Mbuzi za pa Mowatize sizinkatimva, ndipo bambo wina wa njinga ya makala anatitukwana titamudutsa, ati tikuyenda ngati afiti. Zoziziritsa m'kati tinazimitsa posunga moto, mawindo tinatsegula, ndipo maso anga sanachoke pa nambala yosonyeza makilomita otsala. Pa zitunda za kupitirira Kapirizanje nambalayo inkagwa mochititsa mantha, makamaka titatsekeredwa kumbuyo kwa thiraki ya malasha. Koma pamtsetse uliwonse alamu akangokhudza buleki, kamuvi ka padashibodi kankapita kobiriwira, nambala n'kubwererako pang'ono. Chimenecho chinali chizindikiro choti sensa ndi kompyuta zikumvana. Alamu anayamba kusangalala nazo ngati mwana, mpaka kumadandaula kuti mitsetse yachepa.

Chisangalalocho chinatha titafika pamalire a kwathu. Mathiraki anali ambiri, mapepala anatenga masana onse, koma chimene chinawawa sichinali kudikira. Ajenti amene anawapatsa ntchitoyo analandira mapepala osawayang'ana kumaso. Pansi pa mtengo pamene madalaivala amasewera bawo, anthu amene adya nawo mbale imodzi zaka zambiri anangoti maso pa bawo ndwii. Mmodzi yekha anakweza mawu nati, "Tsekani maboneti, abwera!" Ena anaseka. Alamu anakhala m'galimoto mawindo otseka mpaka mapepala atatuluka, ndipo ine zinandipweteka kwambiri.

Kavaniko kanagona pashedi panga kakumwa moto, ndipo m'mawa mwake tinalowa msewu wafumbi wopita ku Thambani. Njira imeneyo imadutsa m'midzi ya kwa Kanduku, kukwera ndi kutsika, mitengo ya manachesi itachita kuwerama m'mbali. Anyamata a kabaza tinkachita kuwaimbira hutala tili patali kuti asadzidzimuke. Pamwamba pa mtsetse wina waukulu wotsikira kumtsinje alamu anaima, nandiuza kuti ndiyezenso. Ndinayeza, zonse zinali bwino, ndipo tinatsika mosatekeseka ngati tikutsitsa mkwatibwi.

Mayi Nangozo tinawapeza pachigayo pawo, pakati pa milu ya manachesi. Ndi mayi wamfupi, wa maso akuthwa, ndipo anali ataitana alongo awo awiri kuti akhale mboni. Moni anapereka kwa ine ndekha. Anazungulira galimotoyo kamodzi osaigwira, kenako anati, "Inu ndi amisiri aja? Ndiuzeni chimene chachotsedwa."

Ndinatsegula boneti n'kuwaonetsa timadontho ta penti pa mabawuti. Alongo awo anawerama nayesa kukanda ndi chikhadabo, navomereza kuti mpakale. Ndinatulutsa kapini kodyeka kaja m'thumba, n'kufotokoza za mawaya atatu ndi madzi amchere. Anamvetsera bwino, ndipo ndinaona kuti munthu amene amayendetsa chigayo cha masola nkhani ya mawaya siimusokoneza. Ndiye anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Nanga mcherewo unachokera kuti?"

Mlongo wawo wina anathandiza yekha. "Si panyanja kodi? Zimabwera pa sitima izi."

Khomo linali litatseguka, ndipo chimene chinkafunika n'kungokhala chete. Ine ndinayang'ana manachesi. Kenako ndinamva alamu akukonza kukhosi, ndipo nditacheuka anali atavula chipewa.

"Mayi, nyanja ilibe mlandu. Ndine. Ndinagula nsomba za akazi anga, ndinaopa kukununkhitsirani galimoto, ndinazimangirira pamawaya apo. Madzi ake ndi amene analowa. Ndinalakwa, ndipo ndinalakwanso posakuuzani tsiku lomwelo. Koma kuba sindinabepo, mayi, chiyambire ntchito imeneyi."

Kenako Mayi Nangozo anayamba, ndipo sanawanyengerere. Anawafunsa ngati moyo wawo ndi wofanana ndi nsomba zinayi. Anawafunsa kuti munthu wa imvi angachite bwanji zinthu za mwana. Anati masiku anayi sanagone poganiza kuti chuma chawo chonse chathera m'manja mwa mbala. Alamu anangoti, "Zoona, mayi," chipewa chili pamimba. Atapuma, ndinaponyapo mawu amodzi okha, oti ku Tete kunali nzeru yomata tepi pa nyali zochenjeza n'kubweretsa galimoto mmene inalili, ndipo munthu amene anakana kwa masiku awiri, dzina lake likuipa, ndi yemweyu.

Mayi Nangozo anatambasulira dzanja kwa alamu. Anatenga makiyi nandiuza kuti ndikwere. Anayendetsa okha mpaka pamtsetse wa kumsika, naponda buleki mwamphamvu katatu konse, mpaka ine kugunda mutu. Pobwerera anaima pomwe panali alamu, natsika, natulutsa foni. Anaima pakati pa bwalo, pamaso pa alongo awo ndi amayi onse obwera kudzagayitsa, nadina pojambulira mawu.

"Ndine Nangozo wa ku Thambani. Mawu amene ndinatumiza okhudza a Zuze ndikuwabweza. Ndinalankhula ndisanaone, ndipo ndinalakwa. Galimoto yanga yafika, palibe chimene chinachotsedwa, ndaona ndi maso anga. Chimene analakwitsa andiuza okha popanda wowakakamiza, ndipo chathera pano pakati pa iwo ndi ine. Munthu ameneyu anakana kundibweretsera galimoto yopanda mabuleki. Amene munafalitsa mawu oyamba aja, mufalitsenso awa."

Anatumiza tikuona. Kenako anatembenukira kwa alamu nati, "Valani chipewa, bambo, dzuwa likuswa."

Tinabwerera pa kapikapu konyamula manachesi, titakhala pamwamba pa matumba, fumbi likutimwaza. Foni ya alamu inayamba kulira tisanatuluke n'komwe mu Thambani, koma sanayankhe aliyense. Ankangobwereza mawu a mayi aja, foni ataikanikiza pakhutu chifukwa cha phokoso la galimoto, akatha n'kuyambanso. Kachinayi ndinaona mapewa awo akugwedezeka mosagwirizana ndi mabampu a msewu. Anatembenukira kumbali, napukuta kumaso ndi chipewa chija.

"Alamu," anatero, "ndikulira ine. Musakamuuze mlongo wanu."

Ndinamuuza tsiku lomwelo, ndisanavule n'komwe nsapato.